Mafunso ndi mayankho: PhD ya za mapulani a nyumba ndi kakonzedwe ka mkati mwake m'nyengo ya makompyuta

Ambiri amene amafunsa za maphunziro amenewa si ana a dzulo. Anajambulapo nyumba, anakanganapo ndi makontilakita pamalo omangira, ndipo pali funso lina limene linawakakamira m'mutu osafuna kuchoka. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera. Ena yankho lake ndi lalifupi. Pa ena ndachedwapo dala, chifukwa ndi pamene anthu amapunthwa.

Munthu wodziwa kale kujambula nyumba, PhD akaifuniranji?

Kujambula nyumba ndi kufufuza za nyumba ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wojambula mapulani amathetsa vuto la mwini nyumba mmodzi, pamalo amodzi, ndi ndalama zimene zilipo. Akamaliza amapinda mapepala n'kupita ku ntchito ina. Wa PhD amafunsidwa zina. Atiuze chinthu chimene sichinkadziwika, asonyeze mmene wachidziwira, ndipo achilembe mwakuti munthu amene sanakumanepo naye athe kuchiyesa n'kuona ngati chili choona. Ngati chimene mukufuna n'kujambula bwino kuposa lero, digiri yachiwiri kapena zaka zisanu mu ofesi ya akatswiri zikupindulirani kuposa PhD. Koma ngati chikukusowetsani tulo ndi "chifukwa chiyani", monga chifukwa chiyani nyumba imene kompyuta inalonjeza kuti izikhala yozizira ikutentha ngati ng'anjo, pamenepo ndiye mwafika pamalo pake.

Ikandipatsa chilolezo chosainira mapulani?

Ayi. Chilolezo chimachokera ku mabungwe olembetsa akatswiri, osati ku digiri ya kafukufuku. Ku United Kingdom munthu sangadzitche architect pa ntchito yake asanalembedwe m'kaundula wa bungwe la ARB. Ku United States chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake lopereka laisensi, ndipo mayeso ake amakonzedwa ndi NCARB. Okonza mkati mwa nyumba ku United States ndi ku Canada ali ndi mayeso awoawo a NCIDQ. Mutha kukhala Dokotala wa za nyumba koma dzina lanu osapezeka m'kaundula aliyense mwa amenewa.

Chenjeraninso ndi mayina a madigiri. D.Arch ya University of Hawaiʻi ndi yokonzekeretsa munthu ntchito, ndipo imawerengedwa panjira yopita ku laisensi. DDes ya ku Harvard ndi ya kafukufuku. Zonse zili ndi udokotala m'dzina, koma sizilowera kumodzi.

Makompyuta analowa liti mu ntchito imeneyi?

Kale kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo analowera pa PhD pomwepa. Mu 1963 Ivan Sutherland anamaliza digiri yake ku MIT ndi pulogalamu yotchedwa Sketchpad. Ankajambula pagalasi la kompyuta ya TX-2 ndi cholembera chozindikira kuwala. Chodabwitsa sichinali kujambulako ayi, koma kuti mizereyo inkamvera malamulo: ukauza makinawo kuti mizere iwiri ikhale yofanana kutalika, kenako n'kusintha umodzi, winawo unkatsatira. Zimene lero zimatchedwa parametric design, mbewu yake ndi imeneyo. Nthawi yomweyo ku Harvard, Christopher Alexander, amene anali ataphunzira masamu ku Cambridge, ankafufuza njira yogawira vuto lalikulu la kamangidwe m'timavuto ting'onoting'ono tolumikizana. Kafukufukuyo anasindikizidwa ngati buku mu 1964, ndipo maganizo a Alexander a pambuyo pake anakafika mpaka kwa olemba mapulogalamu a makompyuta. Mu 1967 Nicholas Negroponte anayambitsa Architecture Machine Group ku MIT, gulu limene linadzabala Media Lab mu 1985. Mu 1975 Charles Eastman, ali ku Carnegie Mellon, anafotokoza njira yosungira nyumba yonse m'kompyuta ngati zigawo zodziwika, osati ngati mizere chabe.

Mapulogalamu ogulitsidwa pamsika anabwera mochedwa. AutoCAD inatuluka mu 1982, Revit, imene imasunga nyumba ngati zigawo monga anafotokozera Eastman, mu 2000, Grasshopper mu 2007. Ofesi ya Frank Gehry inachita kubwereka CATIA, pulogalamu imene inapangidwa ku France kuti azijambulira ndege, kuti makoma opindikapindika a Guggenheim Museum ya ku Bilbao amangike. Nyumbayo inatsegulidwa mu 1997.

Zaka zimenezi ziwerengeni mofatsa. Pakati pa lingaliro la Eastman ndi Revit panadutsa zaka 25. Kompyuta ya TX-2 inasiya kugwira ntchito kalekale, koma zimene Sutherland analemba anthu akuziwerengabe. Apa ndi pamene pagona nkhani ya PhD imeneyi: chida chimakalamba msanga, ndiye funso lanu lisamangiriridwe pa chida.

BIM n'chiyani kwenikweni, ndipo muli zoti munthu n'kufufuza?

Pa kujambula kwakale kwa pakompyuta, khoma ndi mizere iwiri yoyendera limodzi. Kompyuta sidziwa kuti ndi khoma. Mu BIM (Building Information Modelling) khomalo limanyamula mbiri yake: kukhuthala kwake, njerwa kapena konkire yake, nthawi imene lingapirire moto, ndi chimene lasenza. Ukasuntha chitseko pa pulani, chimasunthanso pa zojambula zina zonse ndi pa mndandanda wa zogula. Wojambula, injiniya wa zitsulo ndi wa mapaipi akaphatikiza zifanizo zawo, paipi imene ikubowola mtanda wa konkire imaoneka ntchito isanafike pamalo omangira. Boma la United Kingdom linalamula kuti kuyambira 2016 ntchito zake zomanga zizigwiritsa BIM, ndipo mu 2018 panatuluka muyezo wa mayiko onse wa ISO 19650.

Zofufuza zilimo zambiri, koma sizili pamene ambiri amayang'ana. "BIM ndi yothandiza" si mutu wa PhD. Mafunso amoyo ndi onga awa: chifanizo chikalakwika, mlandu ndi wa yani pakati pa anthu khumi amene anachigwira? Nyumba ikaperekedwa kwa mwini wake, ndani amachisamalira kuti chizifananabe ndi nyumba yeniyeniyo? Chimatayika n'chiyani fayilo ikachoka pa pulogalamu ina kupita pa ina kudzera mu IFC, mtundu wa fayilo wosinthanirana zifanizo za nyumba? Nanga maofesi a anthu atatu kapena anayi, amapindula kapena amangolemedwa ndi malipiro a mapulogalamu a chaka ndi chaka?

Ndiyenera kudziwa kulemba mapulogalamu?

Zimatengera funso lanu. Wofufuza mbiri ya kamangidwe, kapena mmene mabanja amagwiritsira ntchito zipinda, angamalize osalemba mzere ndi umodzi womwe. Wofufuza za maloboti, za kutentha kwa nyumba kapena za AI sangathawe Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, ndipo ambiri amayambira pa Grasshopper, pamene umalumikiza timabokosi ndi tizingwe m'malo molemba. Koma chimene chimagwetsa ojambula ambiri si mapulogalamu. Ndi masamu osanthulira zotsatira. Kusukulu ya zojambula munaphunzira kukopa anthu ndi chithunzi. Simunaphunzire kwenikweni kudziwa ngati anthu 12 amene mwawafunsa akukwanira kutsimikizira chimene mukunena. Lowani kalasi ya statistics chaka choyamba, musadikire kuti oyesa adzakuuzeni.

Kukonza mkati mwa nyumba si nkhani ya makatani ndi utoto basi? Muli za PhD mmenemo?

Wofunsa chonchi waiwala kumene munthu amakhala. Kafukufuku wina wamkulu wa ku United States, wofalitsidwa mu 2001, anapeza kuti anthu a kumeneko amathera 87 peresenti ya nthawi yawo mkati mwa nyumba, ndi 6 peresenti ina m'galimoto ndi zoyendera zina. Kunja kwa nyumba timakuona podutsa. Mkati ndi mmene timapuma mpweya, timagona, timadwala ndi kuchira.

Chitsanzo chimene aliyense pa maphunzirowa amachidziwa ndi cha Roger Ulrich. Mu 1984 anafalitsa mu magazini ya Science zimene anapeza m'mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pachipatala china ku Pennsylvania. Theka anagona m'zipinda zimene zenera lake linapenya ku mitengo, theka linalo zenera linapenya ku khoma la njerwa. Oona mitengo anatuluka msanga, masiku 7.96 poyerekeza ndi 8.70, ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Odwala 46 ndi ochepa, ndipo palibe angamange chipatala podalira iwo okha. Komabe taonani kuti panalibe chida chodabwitsa pamenepo. Panali funso lomveka, mafayilo akale, ndi kufananitsa kosamala kwa odwala awiriawiri ofanana msinkhu ndi zina.

Zida za lero zakulitsa bwalo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 asayansi anatsimikiza kuti m'diso muli maselo ena amene ntchito yawo yaikulu si kuona, koma kuuza thupi kuti kwacha kapena kwada, ndipo amamva kwambiri kuwala kwa buluu, kwa pafupifupi mananomita 480. Kuyambira pamenepo nyali ya mu wodi, mu ofesi kapena m'kalasi inakhala nkhani ya tulo ndi thanzi, osati ya kukongola kokha. Palinso space syntax, njira imene Bill Hillier ndi Julienne Hanson anayambitsa ku University College London m'ma 1970, yowerengera mmene kulumikizana kwa zipinda ndi makonde kumatsogolera mapazi a anthu. Lero mutha kuveka munthu magalasi a VR, oonetsa malo ongoyerekeza ngati enieni, n'kumuyendetsa m'chipatala chimene sichinamangidwe, uku mukutsata pamene maso ake akugwera akasokera.

Koma VR ili ndi malire. Ilibe fungo, ilibe kutentha, ilibe kutopa kwa namwino amene wayenda m'khonde lomwelo maola khumi. Munthu amene wakhala m'chipinda chongoyerekeza kwa mphindi 10 sangakuuzeni mmene angakhaliremo zaka 10. Ndipo mukayamba kuika masensa m'nyumba za anthu, oyeza mpweya, phokoso kapena mayendedwe, mwalowa m'moyo wawo wamseri. Komiti ya yunivesite yoteteza ofufuzidwa iyenera kuvomereza musanayambe, ndipo ku Ulaya lamulo la GDPR loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, silichita nthabwala. Chilolezo chimenechi chimatha kudya miyezi. Chiikiretuni pa ndondomeko yanu.

Nyumba kapena mpando umene ndapanga ndekha ungakhale kafukufuku?

Mkangano umenewu sunathe. Mu 1993 Christopher Frayling wa ku Royal College of Art ku London anasiyanitsa mitundu itatu: kufufuza za luso, kufufuza kudzera mu luso, ndi kufufuza kothandizira luso. Wachiwiriwo ndi umene ambiri amatsamira pochita PhD imene kupanga zinthu ndi mbali ya kafukufuku. RMIT ku Melbourne ndi Bartlett ku London ndi ena mwa masukulu odziwika ndi njira imeneyi. Ku RMIT akatswiri amene agwira ntchito zaka zambiri amabwera kudzasanthula ntchito zawo zomwe pamaso pa anzawo.

Ine ndimaona kuti njirayi ndi yabwino koma ndi yoterera. Kukongola kwa chinthu si umboni. Muyenera kunena chimene munkafuna kudziwa musanachipange, zimene munayesa n'kulephera, ndi chimene munthu wina angatengepo popanda kukhala ndi manja anu. Zimenezi zikasowa, chimene muli nacho ndi chionetsero cha ntchito zanu, ndipo oyesa sachedwa kuzindikira.

Mutu wabwino ndiudziwa bwanji?

Yesani chonchi: lembani mutu wanu, kenako fufutani dzina la pulogalamu kapena chida chilichonse. Ngati patsala funso, muli pabwino. Ngati patsala pepala loyera, chidwi chanu chinali pa chida, osati pa vuto. "Kugwiritsa ntchito Midjourney pokonza zipinda za hotelo": mukafufuta dzina la pulogalamu ya AI yopanga zithunziyo patsala zochepa, ndipo pofika chaka chachinayi pulogalamuyo idzakhala itasintha kangapo. "Kodi kuona zithunzi zambiri zooneka ngati zomalizidwa ntchito ikungoyamba kumachepetsa njira zimene wojambula amayesa?" Limeneli likhalapobe ngakhale chida chitasinthidwa mawa.

Chachiwiri, chepetsani. Pulopozo yoyamba ya pafupifupi aliyense imafuna kukonza mizinda yonse ya padziko. Tengani mtundu umodzi wa nyumba, nyengo imodzi, gulu limodzi la anthu; tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kuti mudziwe zimene zinachitidwa kale, werengani mapepala a misonkhano ya ACADIA, eCAADe ndi CAADRIA, amene ambiri amapezeka m'nkhokwe ya pa intaneti ya CumInCAD, komanso magazini onga Building and Environment, Automation in Construction, Design Studies ndi Journal of Interior Design. Zimawawa kupeza kuti lingaliro lanu "latsopano" wina analilemba inu muli ku pulayimale, koma bola kuzipeza mwezi woyamba.

Zimene kompyuta yawerengera ndizikhulupirire mpaka pati?

Monga mmene mumakhulupirira mboni imene inaona mbali imodzi ya nkhani. Kompyuta imawerengera zimene mwaiuza. Zimene mwaiwala, nayonso yaiwala.

Pa 10 Juni 2000 ku London anatsegula Millennium Bridge, mlatho wa oyenda pansi wowoloka mtsinje wa Thames. Khamu litakwera, mlathowo unayamba kugwedezeka cham'mbali. Anthu poopa kugwa anayamba kuponda mogwirizana ndi kugwedezekako, ndipo kutero kunangokukulitsa. Patatha masiku awiri unatsekedwa, n'kudzatsegulidwanso mu 2002 ataikamo zida zoletsa kugwedezeka. Amene anauwerengera sanali mbuli. Kungoti khalidwe limeneli la mapazi a khamu silinali m'mawerengedwe awo. Mu 2013, mumzinda womwewo, khoma lagalasi lopindikira mkati la nyumba yosanja ya 20 Fenchurch Street linasonkhanitsa dzuwa pamsewu mpaka kusungunula mbali zina za galimoto imene inaimikidwa pamenepo.

Zimenezo zinatuluka m'nyuzi. Zochitika tsiku ndi tsiku sizituluka. Nyumba zambiri zimadya magetsi ochuluka kuposa mmene mapulogalamu onga EnergyPlus anawerengera. Sikuti pulogalamuyo imanama. Kungoti sidziwa kuti mmisiri anasiya mpata pa zotchingira kutentha, kuti wina amatsegula zenera makina oziziritsa akulira, kapena kuti mu ofesi yowerengeredwa anthu 20 mukukhala anthu 35. Kusiyana kumeneku, kumene amakutcha performance gap, ndi munda wachonde wa PhD, makamaka poti malipoti a UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, amasonyeza kuti nyumba ndi ntchito yomanga zimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wa kaboni wochokera ku mphamvu zimene dziko limagwiritsa ntchito. Kafukufuku amene amayerekezera pakompyuta kenako n'kukayeza nyumba yeniyeni ndi wolemera kuposa amene amathera pagalasi pokha.

AI sithetsa ntchito yonseyi ndisanamalize n'komwe?

Chaka cha 2022 chinagwedeza masukulu a zojambula. DALL-E 2, Midjourney ndi Stable Diffusion zinatuluka motsatizana, ChatGPT n'kubwera kumapeto kwa Novembala. Wophunzira wa chaka choyamba anayamba kutulutsa m'mphindi imodzi chithunzi chimene kale chinkatenga sabata. Koma chithunzi si nyumba. Ziyang'anitsitseni zithunzi zimenezo: masitepe osafika kulikonse, denga lopanda chosenza, chipinda chopanda pothawira moto ukabuka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Makinawa anaphunzira mmene nyumba zimaonekera pa zithunzi, osati mmene zimaimira. Zida zikusintha mofulumira, ndipo zofooka zina zichepa; chimene sichisintha n'chakuti nyumba ikagwa, khoti lidzafuna munthu amene anasaina.

Kwa wofufuza, AI yabweretsa mafunso ambiri kuposa amene yachotsa. Zithunzi zimene makinawa anaphunzirapo zinachokera kuti, ndipo ndi nyumba za mtundu wanji zimene sizinalowemo? Kodi zipinda za dziko lonse ziyamba kufanana? Umwini nawo ndi nkhani: ofesi ya boma la United States yoona za copyright inanena kuti chithunzi chopangidwa ndi makina okha, popanda dzanja la munthu, sichitetezedwa ndi lamuloli.

Polemba buku lanu la kafukufuku, tsatirani malamulo a yunivesite yanu ndipo nenani poyera pamene mwagwiritsa ntchito AI. Zida zimenezi zimatha kupeka mayina a mabuku ndi mapepala amene kulibe. Woyesa akapeza limodzi lotero, ayamba kukayikira tsamba lililonse.

Nanga maloboti ndi makina osindikiza nyumba?

Ku ETH Zurich, Fabio Gramazio ndi Matthias Kohler anakhazikitsa labotale ya maloboti omangira mu 2005, ndipo chaka chotsatira loboti yawo inayala njerwa pafupifupi 20,000 za makoma a nyumba yopangiramo vinyo ya Gantenbein, njerwa iliyonse yopendekera mwa njira yakeyake. DFAB House, yomangidwa ndi njira zingapo za makina pamwamba pa nyumba yoyesera ya NEST ku Dübendorf, inatsegulidwa mu 2019. Mu 2021 ku Amsterdam anaika mlatho wachitsulo wa mamita 12 wosindikizidwa ndi maloboti a kampani ya MX3D.

N'zokopa maso, ndipo ophunzira ambiri amathamangira kumeneko. Dziwani ziwiri zokha. Kafukufuku wotere amafuna labotale yodula, choncho mudzaphunzira kumene kuli makinawo, osati kumene mtima wafuna. Ndipo nyumba ya konkire "yosindikiza" nthawi zambiri ndi makoma okha. Maziko, denga, mazenera, mawaya ndi mapaipi amaikabe anthu. Simenti payokha imatulutsa 7 mpaka 8 peresenti ya mpweya wa kaboni padziko lonse, ndiye funso lofunika si liwiro la makina, koma ngati angathandize kumanga ndi simenti yochepa.

Zimatenga zaka zingati, ndipo ndalama zimachokera kuti?

Ku United Kingdom ndi ku Australia zaka 3 mpaka 4 ngati sukulu ndiyo ntchito yanu yokha. Ku Netherlands ndi ku Sweden zaka 4. Ku United States kawirikawiri 5 kapena kuposa, chifukwa zaka zoyamba zimakhala za m'kalasi ndi mayeso. Wophunzira uku ali pantchito awirikize zakazo. Ambiri amapitirira nthawi imene anadziikira.

Ku Netherlands, Denmark, Norway, Sweden ndi Switzerland ambiri ochita PhD amalembedwa ntchito ndi yunivesite ndipo amalandira malipiro. Malowo amalengezedwa ngati ntchito ina iliyonse, nthawi zambiri mutu utasankhidwa kale, choncho mumapeza mtendere wa m'thumba koma ufulu wosankha umachepa. European Union ili ndi Marie Skłodowska-Curie Doctoral Networks, Germany ili ndi DAAD, palinso Commonwealth Scholarships ndi Fulbright, chilichonse ndi malamulo ake a amene angapemphe. Kudzilipirira nokha zaka zinayi n'koti muganize mofatsa, poti mu ofesi yojambula mapulani si mmene digiri imeneyi imabwezera ndalama zake.

Chofunika kwambiri n'chiyani, dzina la yunivesite kapena mlangizi?

Dzina la yunivesite lidzakhala pa satifiketi, koma zaka zonsezo mudzakhala ndi munthu. Werengani zimene analemba m'zaka zisanu zapitazi, osati zimene zinamutchukitsa kale. Lemberani ophunzira ake akale muwafunse mosapsatira: amayankha makalata? Amawerenga zimene wapatsidwa? Ndi angati anamaliza? Pulofesa wotchuka amene amakhalira kukwera ndege angakupindulireni pang'ono kuposa mphunzitsi wachinyamata amene amakhala nanu pansi sabata iliyonse. Poti mitu yambiri ya masiku ano imaponda mbali ziwiri, zojambula ndi sayansi ya makompyuta, kapena zojambula ndi sayansi ya maganizo, pemphani alangizi awiri. Mutu umodzi susenza denga. Kungoti onetsetsani kuti awiriwo amamvana, apo ayi mudzatha chaka mukulemba chaputala chimodzi kawiri.

Kalata yoyamba ikhale yaifupi: funso lanu, chifukwa chimene mwasankhira iwowo, ndi pulopozo ya masamba ochepa.

Ndingaphunzire pa intaneti, osachoka pamene ndili?

Mbali yaikulu inde: kuwerenga, kukumana ndi alangizi, kulemba. Mayunivesite ena ovomerezeka ali ndi PhD yophunzira uli kutali kapena yongofikako kangapo pachaka. Koma loboti, chipinda choyezera kuwala ndi nyumba zimene mukufufuza sizibwera pa Zoom. Ndipo aliyense wolonjeza udokotala m'miyezi 12, popanda kafukufuku woyesedwa ndi akatswiri akunja, akugulitsa pepala; fufuzani kaye ngati boma la dziko limene sukuluyo ili limaizindikira.

Mayeso omaliza amayenda bwanji, ndipo kenako munthu amalowera kuti?

Ku United Kingdom mumakhala m'chipinda chotseka ndi oyesa awiri, mmodzi wochokera kunja kwa yunivesite, kwa maola angapo. Ambiri amakhoza koma amapatsidwa zoti akakonze. Buku lake nthawi zambiri siliyenera kupitirira mawu 80,000 kapena 100,000. Ku Netherlands ndi ku Finland mayesowo amachitikira pagulu, wofuna aliyense atha kulowa kudzamvera. M'mayunivesite ambiri a ku Australia oyesa amangowerenga n'kulemba malipoti.

Pambuyo pake ambiri amalingalira uphunzitsi, koma malo ndi ochepa kuposa omaliza. Ena amalowa m'magulu a kafukufuku a maofesi akuluakulu, monga Specialist Modelling Group ya Foster + Partners kapena CODE ya Zaha Hadid Architects. Ena amapita ku makampani opanga mapulogalamu, ena ku mabungwe olemba malamulo a kamangidwe.

Nyumba zakale zili ndi gawo pa zimenezi? Nanga mafayilo anga adzatsegukabe zaka 30 zikubwerazi?

Gawo lake ndi lalikulu. Pa 15 Epulo 2019 moto unawononga denga ndi nsanja yosongoka ya tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris. Zaka zingapo m'mbuyomo Andrew Tallon, katswiri wa mbiri ya zomangamanga wa ku Vassar College, anali atachiyeza ndi makina a laser, n'kusonkhanitsa timadontho toposa biliyoni imodzi. Iye anamwalira mu 2018, osadziwa kuti miyezo yake idzakhala mboni ya mmene nyumbayo inalili isanapse. Tchalitchicho chinatsegulidwanso mu Disembala 2024. Ku Barcelona, Mark Burry wa ku New Zealand anathera zaka zambiri akumasulira pakompyuta zifanizo zapulasitala za Antoni Gaudí, zimene zinaphwanyidwa mu 1936, kuti omanga tchalitchi cha Sagrada Família adziwe chimene Gaudí, wojambula mapulani ake, ankafuna.

Funso lachiwirilo ndi limene ambiri saliganizira. Mapulani ojambulidwa papepala zaka 300 zapitazo timangowatambasula n'kuwerenga. Fayilo ya zaka 30 zokha imatha kukana kutseguka chifukwa pulogalamu yake inafa pamodzi ndi makina ake. Canadian Centre for Architecture ku Montreal inalimbana ndi vuto limeneli pokonza chionetsero cha Archaeology of the Digital cha mu 2013 pamodzi ndi Greg Lynn, chokhudza ntchito zoyambirira za pakompyuta za m'ma 1980 ndi m'ma 1990.

Choncho sungani deta yanu m'mitundu ya mafayilo yosadalira kampani imodzi: IFC pa zifanizo za nyumba, CSV pa manambala, PDF/A pa zolemba. Lembani dzina ndi nambala ya pulogalamu iliyonse imene munagwiritsa ntchito, ndipo ikani zonse m'nkhokwe ya yunivesite, osati pa laputopu yanu yokha. Ngati zimene mwapeza zikudalira timabokosi ta Grasshopper tolumikizidwa ndi ma plugin asanu ndi awiri, tijambuleni chithunzi, mufotokoze m'mawu chimene kabokosi kalikonse kakuchita, ndipo kufotokozako kulowe m'buku lenilenilo.